Pikapu Ikayamba Kunjenjemera pa Tala: Zoti Banja Lichite Lisanagule Chitsulo Chilichonse

Aliyense amene anayendetsapo pikapu kuchoka mu Kabwe kulowera ku Kapiri Mposhi akuidziwa nthawi imeneyi. Mwatuluka m'tauni, mahampu atha, msewu wa Great North watambasuka, ndipo liwiro likukwera: 60, 70, 80. Pofika cha ku mtsinje wa Mulungushi, chiwongolero chayamba kukugwedezani m'manja ngati mwagwira chigayo chili mkati mogaya. Galasi loonera kumbuyo likuonetsa zinthu ziwiriziwiri. Makobidi amene munasiya pa dashibodi akuvina okha. Mukachepetsa moto, zonse zii.

Pamabanja ambiri a kuno pikapu ndi munda wachiwiri. Imatenga tomato kupita naye ku msika, imakatenga feteleza, imapereka chimanga ku depoti ya FRA, imathamangitsa wodwala kuchipatala usiku, ndipo pamaliro ndiyo imanyamula nkhuni ndi anthu. Ikadwala, nyumba yonse imamva. Komabe ikayamba kunjenjemera ambirife timachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena amaponda moto kwambiri, poti anazindikira kuti akapyola 110 kunjenjemerako kumachepa. Ena amathamangira ku galaja, n'kungonena kuti "ikunjenjemera", kenaka amayamba kugula zitsulo chimodzichimodzi mpaka ndalama za mbewu zitatha. Njira yoyamba ingakuphetseni, yachiwiri ingakusaukitseni. Kabuku kano kalembedwa kuti muyambe mwafufuza nokha, kuchokera pa zaulere kupita pa zodula, kuti pokafika kwa makaniko mukhale mukudziwa mbali imene vuto lili.

Chifukwa chake imadikira kuti muthamange

Tayala la pikapu likazungulira kamodzi limayenda mamita awiri ndi kanthu. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, ndiye kuti likuzungulira ka 11 kapena ka 12 pa sekondi iliyonse. Tsono tiyerekeze kuti mbali imodzi ya tayalalo yalemera kuposa inzake ndi magalamu 50 okha, kulemera kwa dzira limodzi la nkhuku. Mukuyenda pang'onopang'ono m'misewu ya ku Bwacha simungamve kalikonse. Koma mphamvu imene kalemera kameneka kamakoka nayo siikwera mofanana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, iyo imawirikiza kanayi. Pofika pa 100, dzira lija likukoka tayala ngati mwala wa makilogalamu pafupifupi 10, m'mwamba ndi pansi, koposa kakhumi pa sekondi. Ndicho chimene manja anu akumva.

Pali liwiro lina, kawirikawiri pakati pa 80 ndi 110, pamene kudumpha kwa tayala kumagwirizana ndi kunjanja kwa masipuling'i, ndipo galimoto yonse imavomera. Mukapyola pamenepo kumamveka ngati kwatha. Sikunathe ayi. Mphamvu ija yakula, ndipo ikudya ma bearing, ma ball joint ndi tayala lenilenilo mwakachetechete.

Ulendo wofufuza

Sankhani tsiku louma, masana, galimoto ili yopanda katundu. Tengani munthu mmodzi wamkulu wa m'nyumba mwanu, akhale pampando wa pambali ndi kope ndi cholembera, chifukwa woyendetsa maso ake ayenera kukhala pamsewu. Msewu wathuwu mumadutsa mathiraki ambiri ochokera ku Copperbelt ndi ku Congo, ndipo malo ena tala anakumbika mikwasa ndi kulemera kwawo. Msewu wotere umagwedeza ngakhale galimoto yatsopano. Choncho yesani pa zigawo ziwiri zosiyana zosalala, zowongoka, zopanda anthu m'mbali, ndipo musapyole liwiro lolembedwa pa zikwangwani. Ngati kunjenjemera kukubwera pa liwiro lomwelo m'malo onse awiri, vuto ndi la galimoto.

Mnzanuyo alembe liwiro limene kwayambira ndi limene kwachepera. Kenaka mvetserani kumene kukuchokera. Chiwongolero chikamagwedezeka kumanzere ndi kumanja, yang'anani miyendo ya kutsogolo. Chiwongolero chikakhala bata koma mpando ukukutekenyani m'chiuno ndi kumsana, kapena bodi ya kumbuyo ikulira, vuto lili kumbuyo kapena pansi pa galimoto. Mnzanu aponde pansi ndi phazi lopanda nsapato, agwirenso mpando. Iye adzamva zimene inu simungamve poti mwatanganidwa.

Mvetseraninso kathamangidwe kake. Kunjenjemera kwa tayala kuli ngati ng'oma yoimbidwa mofulumira. Kwa propshaft, mpini wautali uja wochoka ku giyabokosi kupita ku diff, n'kosalala ndi kofulumira zedi, konga kulira kwa njuchi mumng'oma, chifukwa mpiniwo umazungulira katatu kapena kanayi pamene tayala lazungulira kamodzi. Kumeneku ndiko kumasokoneza galasi ndi kuchititsa dzanzi kumapazi.

Tsopano chitani mayeso amene amalekanitsa injini ndi miyendo. Muli pa liwiro limene ikunjenjemera, tinene 90, tsikani giya imodzi koma liwiro likhale lomwelo. Injini ilira mokweza. Ngati kunjenjemera sikunasinthe, injini ilibe mlandu. Ngati kwasintha pamodzi ndi kulira kwa injini, ganizirani za mphira zimene injini ndi giyabokosi zimakhalira, kapena injini imene ikuphonya. Pa galimoto ya giya yamanja muthanso kuponda kilatchi kwa masekondi ochepa. Koma chonde musazimitse injini galimoto ikuyenda: mabuleki amauma, chiwongolero chimalemera ndipo chikhoza kudzikiya.

Mafunso awiri otsiriza. Kodi kumakula mukaponda moto, n'kuchepa mukachotsa phazi? Zimenezo zimaloza ku propshaft. Kodi kumabwera pokhapokha mwaponda buleki, pedulo n'kumakankha phazi lanu? Ndiye ndi mbale za mabuleki za kutsogolo kapena madiramu a kumbuyo amene adyeka mosalingana, ndipo kubalansa matayala sikungathandize.

Pabwalo, musanatulutse ngwee

Ndikuuzeni za mlamu wanga. Chaka china mu Januwale anachokera ku munda wake, mbali ya msewu wafumbi wolowera ku damu la Mulungushi, mvula itagwa masiku atatu. Patapita masiku awiri, dzuwa litawala, anakwera tala, ndipo pikapu inayamba kugwedezeka ngati ikufuna kuthothoka chiwongolero. Ku galaja ina anamuuza kuti ndi ma tie rod. Anagula, anamangitsa, kunjenjemera kunali pomwepo. Loweruka lake mwana wake wamkazi akutsuka galimotoyo, analowetsa dzanja kuseri kwa limu la kutsogolo n'kuitana kuti, "Adadi, kuno kuli chinthu." Chinali chibuma cha dothi lofiira, chouma gwa, chachikulu ngati mtanda wa nsima, chitamatirira mbali imodzi yokha. Anachigumula ndi kamtengo, anatsuka malimu onse anayi, ndipo vuto linathera pomwepo. Ndalama ya ma tie rod ija inali ya sukulu.

Walira mvula walira matope. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, aliyense wochoka pa msewu wadothi ayambe watsuka mkati mwa malimu, osati kunja kokha kumene anthu amaona.

Mukatero tengani sipanala, muyese manati onse a mawilo. Nati yomasuka imasiya kamzere ka dzimbiri kapena ka fumbi lakuda kotsika kuchokera pa bowo, ndipo bowolo limayamba kukula ngati dzira. Mwa zonse zimene zalembedwa m'kabuku kano, ichi ndicho chimapha msanga, chifukwa wilo limachoka osatsanzika.

Yezani mpweya m'mawa matayala asanatenthe. Mlingo wake walembedwa pa kapepala komatidwa pa chipilala cha chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto, ndipo kawirikawiri pamakhala milingo iwiri: wa galimoto yopanda katundu ndi wa yodzaza. Kumenya tayala ndi phazi si kuyeza.

Yang'anani m'mphepete mwa limu. Pamakhala tizitsulo tating'ono topanidwa kapena tomatidwa, timene amaika pobalansa. Mukaona malo oyera pamene kachitsulo kanali, kanagwa, mwina pa dzenje lija munaligunda sabata yatha. Onaninso ngati mlomo wa limu wapindika.

Ndiyeno tayala lenilenilo, ndipo apa m'pofunika kudekha. Yendetsani chikhatho pamwamba pake kuzungulira konse, mosamala chifukwa mawaya otuluka amabaya. Tayala labwino limamveka lofanana. Mukamva mapiri ndi zigwa motsatizana, ndiye kuti tayala lakhala likudumphadumpha, ndipo kawirikawiri ma shock afa. Ayang'aneni ngati akuchucha mafuta. Mukapeza chotupa m'mbali, kapena malo amodzi otukuka pamwamba, kapena mizere ya tayala ikukhota ngati njoka, ndiye kuti mawaya a mkati alekana ndi mphira. Tayala lotere limadziulula ngakhale pa liwiro la 20 kapena 30: galimoto imayenda monyang'ama ngati bakha. Silibalansika, silimatika, ndipo tsiku lotentha la mu Okutobala lidzaphulika. Lichotseni lero, ndipo musaliike kumbuyo poganiza kuti kumeneko n'kosaopsa. Tayala la kumbuyo likaphulika pikapu ili ndi katundu, matako a galimoto amatembenuka.

Za matayala a salaula ndilankhule mosabisa, poti ndikudziwa kuti ambirife ndiwo timakwanitsa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: tayala likhoza kukhala ndi mano akuya koma mphira wake atakalamba. M'mbali mwa tayala muli malemba oyamba ndi DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 2319, linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Makampani akuluakulu opanga matayala amalangiza kuti tayala likapyola zaka 5 liziyezedwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Pogula, lowetsani mutu ndi dzanja mkati mwake, muone zigamba ndi ming'alu. Funani lolembedwa C kapena LT pafupi ndi saizi yake, chifukwa amenewo ndiwo anapangidwira katundu; tayala la galimoto yaing'ono pa pikapu yonyamula chimanga silikhalitsa. M'ngalande za tayala mulinso timizere totukuka pang'ono. Mano akalingana ndi timizereto, kwatsala mamilimita 1.6 okha, ndipo ntchito yake yatha.

Kanthu kena kakang'ono: pikapu imene yaima malo amodzi kwa milungu ingapo, makamaka itasenza, matayala ake amaphwatalala pansi. Imagunda poyamba, koma ikayenda makilomita 15 kapena 20 matayala atatentha, zimatha zokha. Zikapanda kutha, vuto ndi lina.

Pa jeke

Imikani pamalo olimba ndi osatsetsereka, kokani handibuleki, ikani miyala kapena zipika ku mawilo otsala pansi. Mukakweza, ikani chochirikiza chachitsulo kapena chipika chachikulu cha mtengo wolimba pansi pa chasisi. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimaphwanyika mosachenjeza. Munthu asalowe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke yekha, ndipo ana akhale patali.

Zungulitsani wilo ndi dzanja. Ikani botolo kapena njerwa pansi, pafupi kwambiri ndi tayala koma osakhudza, muyang'ane mpata umene uli pakati. Mpatawo ukamakula n'kuchepa pamene wilo likuzungulira, tayala kapena limu si lozungulira bwino. Chitani chimodzimodzi m'mbali, pa mlomo wa limu.

Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, mulikankhe ndi kulikoka. Likamagwedera, ndi bearing kapena ball joint. Ligwireni kumanzere ndi kumanja, muchite zomwezo. Kugwedera kumeneko kumaloza ku tie rod kapena zitsulo zina za chiwongolero. Mnzanu asuzumire kuseri ndi tochi kuti aone chimene chikusuntha. Bearing yakufa imamvekanso pamsewu: imalira mosalekeza, ndipo kulirako kumasintha mukakhotera mbali imodzi.

Pomaliza, mayeso amene ine ndimawakhulupirira kuposa onse chifukwa sadya ndalama. Ngati matayala anu ndi a saizi imodzi, sinthanitsani a kutsogolo ndi a kumbuyo, mubwerere pa msewu uja. Kunjenjemera kukachoka m'chiwongolero n'kupita kumpando, mwagwira wakuba: ndi limodzi mwa mawilo awiri aja. Kuti mudziwe lenileni, ikani sipeya pamalo pa limodzi, muyendenso. Pomanga, pukutani dzimbiri ndi mchenga pamene limu limagona, ndipo mangani manati modumphadumpha, iyi kenaka ya kutsidya kwake, osati motsatana.

Kubalansa si alayimenti

Mawu awiriwa amasokoneza ambiri. Kubalansa ndi kuika wilo pa makina olizungulitsa, n'kuwonjezera tizitsulo kuti kulemera kufanane mbali zonse. Ndiwo mankhwala a kunjenjemera kwa pa liwiro. Alayimenti ndi kuwongola kumene mawilo aloza. Imachiza galimoto yokokera mbali imodzi ndi matayala odyeka m'mphepete, koma payokha kawirikawiri siichotsa kunjenjemera. Musalipire alayimenti musanasinthe tie rod kapena ball joint yogwedera, chifukwa idzasokonekeranso pa hampu yoyamba.

Pobalansitsa, imani pafupi ndi makina. Limu likhale lotsuka, tizitsulo takale tichotsedwe, ndipo akamaliza azungulitsenso mpaka makina asonyeze ziro mbali zonse ziwiri. Yang'anani tayala pamene likuzungulira: makina akhoza kusonyeza ziro pa tayala looneka ngati dzira, ndipo lidzadumphabe pamsewu. Wilo limodzi likamafuna tizitsulo tambirimbiri, funsani chifukwa. Mwina limu lapindika, mwina mkati mwa tayala muli madzi ochokera mu kompuresa. Tayala lililonse limene lachotsedwa pa limu pomata pankichala liyenera kubalansidwanso, ndipo apa ndi pamene ambiri timadumpha.

Pansi pa mimba ya galimoto

Matayala akapezeka osalakwa, pitani ku propshaft. Galimoto ikhale pansi pamalo osatsetsereka, injini yozima, mawilo otchingidwa kutsogolo ndi kumbuyo, giya pa nyutulo. Kumapeto kwa mpiniwo kuli timitanda tachitsulo, timene amakaniko amati cross kapena universal joint. Gwirani mpini ndi dzanja limodzi, mbali ya kutsidya kwa mtanda ndi linalo, mupotoze ndi kugwedeza. Pa mtanda penipenipo sipayenera kukhala mpata ngakhale pang'ono. Fumbi lofiira ngati la njerwa kuzungulira tizivundikiro take likutanthauza kuti girizi anatha kalekale ndipo chitsulo chikudya chinzake. Zizindikiro zina mwina munazimva kale: kaphokoso kakuti kho! mukalowetsa giya yoyamba kapena livesi, ndi kulira kwa tswii-tswii ponyamuka.

Pikapu zambiri zazitali zili ndi propshaft ya zigawo ziwiri, yogwiridwa pakati ndi bearing yokhala mu mphira. Mphirayo ikang'ambika mpini umavina. Onaninso mabawuti a ku diff, ndi ngati mpini unagunda chitsa n'kuphwanyika kapena wakulungidwa ndi waya, udzu kapena thumba la saka.

Ngati kunjenjemera kunayamba mutangokonzetsa kilatchi kapena giyabokosi, kaikirani kamangidwe ka propshaft. Zigawo zake zimayenera kubwerera momwe zinalili, ndipo dzino limodzi likaphonyeka, timitanda timalimbana tokha. Makaniko wosamala amalemba chizindikiro ndi penti kapena choko asanamasule. Mukumbutseni mwaulemu; ndi galimoto yanu.

Mtanda si woti n'kuzengereza nawo. Wa kutsogolo ukaduka muli pa liwiro, mpini umagwa n'kuzika mutu mu tala.

A pikapu za 4x4 zakale, zokhala ndi zokiyira pa mawilo a kutsogolo, onani kuti mwazibwezera pa FREE mutatuluka m'matope, ndiponso kuti giya yaing'ono ya 4x4 ili pa 2H. Zikatsala pa LOCK, mpini wa kutsogolo umazungulira ulendo wonse, ndipo ngati ndi wotha mudzaumva.

Katundu

Pikapu zambiri, kaya Hilux, Isuzu, Ranger kapena Hardbody, zinapangidwa kunyamula pafupifupi tani imodzi, kuwerengera dalaivala ndi onse okwera. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu kale, munthu asanakwere. Ndikudziwa kuti dizilo ndi wodula ndipo ulendo umodzi umaoneka wopulumutsa kuposa awiri. Koma matumba 30 amagoneka masipuling'i, amasintha kapendekedwe ka propshaft, amatenthetsa matayala, ndipo amapepula kutsogolo kotero kuti chiwongolero chimayandama. Ngati galimoto imanjenjemera ikasenza pokha, yambirani pamenepa. Suzumirani masipuling'i a kumbuyo: tsamba lothyoka, mabawuti opindika aja omanga masipuling'i ku ekiselo atamasuka, kapena wilo limodzi la kumbuyo litasendera kutsogolo kuposa linzake. Munthu woyenda pambuyo panu angakuuzeni ngati pikapu ikuyenda chammbali ngati nkhanu. Katundu wolemera azikhala pafupi ndi kabini, osati ku chitseko cha kumbuyo.

Pamene simuyenera kupitiriza ulendo

Kunjenjemera kumene kwabwera mwadzidzidzi, kumene kukukula mphindi iliyonse, kumene kwabwera ndi kugogoda kapena fungo la mphira wopserera, si kofufuza mawa. Chotsani phazi pa moto, gwirani chiwongolero ndi manja awiri, musaponde buleki mwamphamvu, yatsani mahazadi, mupatuke kutali ndi tala. Ikani matirayango kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo okwera atsikire mbali ya kutchire. Yandikizani dzanja pakati pa wilo lililonse osakhudza: limene likutentha kuposa anzake lili ndi bearing yakufa kapena buleki yogwira. Pepala la fitinesi la RTSA limanena za tsiku limene galimoto inayezedwa. Dzenje limene munagunda dzulo silikulidziwa.

Kwa makaniko

Pitani ndi kope lija. M'malo monena kuti "ikunjenjemera", nenani motere: "Bambo, imayamba pa 85, imachepa pa 105. Ndimaimva pampando, osati pa chiwongolero. Ndikasintha giya sizisintha, koma ndikaponda moto zimakula. Malimu ndatsuka, manati ndamanga, matayala ndasinthanitsa, sizinasunthe." Makaniko wodziwa ntchito akamva zimenezi amalunjika pansi pa galimoto. Mupempheni akuonetseni ndi maso chitsulo chogwederacho asanachimasule, asinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo chakalecho akupatseni. Mukatero bwererani pa chigawo chomwe chija cha msewu, pa liwiro lomwe lija, ndi mnzanu yemwe uja.

Wilo lililonse limene lamasulidwa, manati ake ayesedwenso mukayenda makilomita 50 mpaka 100. Kuchoka mu Kabwe kufika ku Kapiri Mposhi ndi makilomita pafupifupi 60. Mukafika, musanagule chakumwa kapena kutsitsa katundu, tulutsani sipanala muzungulire mawilo onse anayi.